Banja Likamatha ku Kacholola: Ankhoswe Amathandiza Pati, Amalekera Pati?

Ku Kacholola m'boma la Nyimba, monganso m'midzi ya Ansenga mpaka ku Petauke, munthu amene banja lake lagwedezeka amayamba wathamangira kwa ankhoswe. Ambiri amadziwa kuti ankhoswe amamanga ukwati, koma ndi ochepa amene amadziwa ntchito yawo ukwatiwo ukamatha.

Kodi nkhoswe ndi ndani kwenikweni?

Ndi munthu amene abale anamusankha kuti aimire mwana wawo pa ukwati, ndipo mbali iliyonse, yakuchimuna ndi yakuchikazi, imakhala ndi wake. Kawirikawiri amakhala malume, mchimwene wamkulu kapena wachibale wina wokhwima maganizo. Iyeyu ndiye mboni yakuti ukwati unayenda mwamwambo, chifukwa analipo pokambirana ndipo anaona zimene zinaperekedwa.

Nanga akusiyana bwanji ndi alangizi?

Alangizi ndi aphunzitsi: amalangiza namwali ndi anthu amene akulowa m'banja za khalidwe ndi za m'nyumba. Nkhoswe ndi woimira mtundu, ndipo mawu ake amamanga abale onse a mbali yake. Mlangizi angathe kukutonthozani, koma sangavomereze chisudzulo m'malo mwa abale anu.

Ndamva kuti kumaiko ena anthu amalipira munthu wowathandiza pa nthawi yosudzulana. Ndi zofanana?

Zikuyandikana. Ku United States ndi ku Britain kuli anthu otchedwa divorce coach, amene si maloya kapena madokotala, koma amathandiza munthu kuika maganizo pamodzi, kusonkhanitsa mapepala ndi kukonzekera zokambirana za ana ndi katundu. Kwathu kuno ntchitoyi imagawikana pakati pa ankhoswe, alangizi, akuluakulu a mpingo ndi alangizi a zamalamulo. Kusiyana kwake n'kwakuti wolipidwa uja amasamala za munthu mmodzi, pamene nkhoswe amaganiziranso mbiri ya mtundu wonse, ndipo nthawi zina ziwirizi zimawombana.

Kodi ntchito ya ankhoswe si kuyanjanitsa basi?

Kuyanjanitsa ndiye poyambira, koma si pothera. Zikakanika, nkhoswe wabwino amaonetsetsa kuti anthu asiyana popanda ndewu, katundu walembedwa, ndipo zadziwika kumene ana agone ndi amene awalipirire sukulu. Nkhoswe amene amati "zandikanika" n'kusowa ndiye kuti wasiya ntchito pakati.

Ndikafuna kuti banja lithe, ndiyambire pati?

Yambani mwauza nkhoswe wanu, ndipo iye adziwitse mnzake wa mbali inayo kuti apangane tsiku lokumana. Pa tsikulo aliyense amafotokoza mbali yake, ndipo nthawi zambiri amakupatsani nthawi yoti mukaganizenso. Zikakanikabe, nkhani ingapite kwa mfumu ya mudzi, kenako ku Local Court, kumene mumakatenga samani yoitanira mnzanuyo.

Kodi ankhoswe angathetse ukwati paokha, osapita kukhoti?

Mwamwambo, mabanja awiri angathe kugwirizana kuti anthu asudzulane. Koma chikalata chosonyeza kuti ukwati watha chimachokera kukhoti, ndipo ndi khoti lokha limene lingakakamize munthu kulipira zimene analonjeza. Zogwirizana pansi pa mtengo zimaiwalika msanga mmodzi akapeza banja lina.

Ndingadziwe bwanji khoti loyenera kupitako?

Zimadalira mtundu wa ukwati wanu. Ukwati wamwambo umathetsedwa ku Local Court, pamene ukwati wolembetsedwa pansi pa lamulo la Marriage Act umathetsedwa ku High Court kokha, ndipo m'chigawo cha Kum'mawa khotili lili ku Chipata. Kudalitsidwa kutchalitchi pakokha sikutanthauza kuti ukwati ndi wolembetsedwa. Yang'anani pa satifiketi yanu, kapena kafunseni ku khonsolo.

Ku High Court amafuna zifukwa zotani?

Lamulo la Matrimonial Causes Act la 2007 limafuna umboni wakuti ukwati wasweka moti sungakonzekenso. Umboniwo ungakhale chigololo, khalidwe loti munthu sangapirire kukhala nalo, kuthawidwa kwa zaka 2, kukhala kosiyana kwa zaka 2 mnzanuyo atavomera chisudzulo, kapena zaka 5 ngakhale asavomere. Pempho silingaperekedwe chisanathe chaka chimodzi chikwatiranireni.

Ku Local Court ndifunika loya?

Ayi, maloya saimira anthu pa milandu yotere ku Local Court, ndipo mumadzilankhulira nokha m'chinenero chanu. Apa m'pamene nkhoswe amafunika kwambiri, chifukwa khoti limafuna kudziwa ngati ukwati unalipodi komanso ngati abale anayesa kuyanjanitsa. Usiku woti mawa ndi mlandu, khalani naye pansi muyale nkhani yanu mwadongosolo: chinachitika n'chiyani, liti, ndipo mukupempha chiyani. Anthu ambiri amataya nthawi yawo yolankhula potukwana apongozi, n'kuiwala kutchula za ana.

Ife tinangolowana, ankhoswe panalibe. Tili pati?

Apa pamavuta, chifukwa khoti likapeza kuti abale sanakumane ndipo palibe chimene chinaperekedwa mwamwambo, lingathe kunena kuti panalibe ukwati woti lithetse. Zikatero, zimene munthu wosudzulidwa amapatsidwa inu simungazipeze mosavuta. Koma ana sakhudzidwa: bambo ndi mayi onse ali ndi udindo wowasamalira, kaya panali ukwati kaya panalibe.

Katundu amagawidwa bwanji?

Khoti limayang'ana zimene munapeza muli limodzi ndiponso zimene aliyense anachita kuti zipezeke. Pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe m'chaka cha 2000, Supreme Court inagamula kuti mkazi wa ukwati wamwambo apatsidwe gawo la chuma chimene chinapezeka m'banjamo, choncho mawu akuti "unabwera chimanjamanja" si lamulo. Mayi amene ankagulitsa nthochi m'mbali mwa Great East Road n'kumasonkha ndalama ya malata ali ndi ponena pa nyumbayo. Minda ya makolo ndi nkhani ina: ili pa malo a mfumu, ndipo kawirikawiri imatsalira mbumba ya eni mudzi, kaya banjalo linali la chikamwini kapena la chitengwa.

Nkhoswe angandithandize bwanji pa katunduyo?

Tengani kope la sukulu mulembe chilichonse iye akuona: malata angati, njinga, mbuzi, ng'ombe ndi ngolo, sola, matumba a chimanga ndi mtedza amene ali m'nyumba, ngakhalenso ngongole ya kugulu losunga ndalama. Ankhoswe onse awiri asainire ndi kulemba tsiku. Chitani zimenezi mmodzi asanasamuke, chifukwa mbuzi zimayamba "kusochera" nkhani ikangomveka.

Ana amapita kwa ndani?

Pa mwambo wa Ansenga ndi Achewa, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo malume ali ndi mawu pa iwo. Koma lamulo la Children's Code Act la 2022 limaika patsogolo zimene zingakomere mwanayo, ndiye khoti limaona msinkhu wake, sukulu ndi amene angamusamalire bwino. Kholo limene silikukhala ndi ana limayenerabe kupereka chithandizo. Ankhoswe athandize kupangana zenizeni, monga ndalama zingati pa mwezi, yunifolomu agula ndani, ndi tchuthi chiti ana akachezere kholo linalo.

Nanga ineyo wosudzulidwa, pali chimene ndingalandire?

Local Court ingalamule chipepeso, ndiponso ndalama ya mwezi ndi mwezi yothandizira wosudzulidwa. Ndalama ya pamweziyi siipitirira zaka 3, ndipo imaleka munthuyo akalowa m'banja lina. Ndi yosiyana ndi chithandizo cha ana, choncho potchula zimene mukupempha muzitchule padera.

Mwamuna wanga amandimenya, koma ankhoswe akuti ndipirire. Nditani?

Kumenyedwa si nkhani ya ankhoswe, ndi mlandu, ndipo simufunika chilolezo chawo kuti mukadandaule. Pitani ku Victim Support Unit ya apolisi komanso kuchipatala kuti mabala alembedwe. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limalola khoti kupereka chiletso choti wankhanzayo asakuyandikireni, ndipo limateteza amuna ndi akazi omwe. Mungathenso kuimba kwaulere pa 933, kapena pa 116 ngati wovutikayo ndi mwana.

Nkhoswe wanga anamwalira, kapena akuoneka kuti akukondera. Ndingasinthe?

Inde, abale anu angasankhe wina n'kudziwitsa mbali inayo. Ngati mulibe wachibale womudalira, pemphani mkulu wa mpingo kapena mlangizi kuti akuperekezeni, ndipo pa zamalamulo funsani a Legal Aid Board, amene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Pa nkhani za ana, ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu ndiyo yofikira.

Chigamulo cha Local Court sichinandikomere. Zathera pomwepo?

Ayi, mungathe kuchita apilo kukhoti la majisitireti, koma muchite zimenezi asanathe masiku 30 kuchokera tsiku la chigamulo. Uzani kalaliki wa khoti lomwelo kuti mukufuna apilo, ndipo sungani malisiti ndi mapepala onse amene mwapatsidwa. Ngati vuto ndi lakuti mnzanuyo sakulipira zimene analamulidwa, apilo siifunika: bwererani kukhoti limene linagamulalo mukanene kuti lamulo lake silikutsatidwa.