Phunziro: Mwana wa msodzi akaphunzire za nyama zakutchire?



Ambirife tikamva za maphunziro a kasamalidwe ka nyama zakutchire timangoganiza za mlonda wa mfuti m'nkhalango, kapena mnyamata wolondolera alendo kukaona njovu. Ndiye timati, "Aaa, zimenezo mwana wanga adya nazo chiyani?" Koma mvuu ikamaliza mpunga kudimba, ng'ona ikagwira munthu padoko, chambo chikasowa m'khoka, tonse timafunsa kuti zavuta pati ndipo titani. Maphunziro amenewa ntchito yake ndi kuyankha mafunso omwewo.

Tiyambe ndi Deen yathu. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-An'aam ndime 38, imatiphunzitsa kuti nyama ndi mbalame nazo ndi magulu a zolengedwa monga ife. Allah adaika munthu kukhala khalifa padziko, ndipo zolengedwazi ndi amana m'manja mwathu. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adapatula malo a An-Naqi' m'dera la Madina kukhala hima, malo otetezedwa amene munthu sadyetsako ziweto mwachisawawa. Kwathu kuno, pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950. Choncho kuteteza chilengedwe si nzeru yobwera ndi alendo ayi.

Nanga ku yunivesite amawonjezera chiyani? Chachikulu ndi kuwerenga ndi kuyeza. Munthu amene wasungitsidwa mbuzi koma sadziwa kuti zilipo zingati, angayankhe bwanji mwini wake akabwera? Ophunzira amaphunzitsidwa kuwerenga nyama ali m'ndege kapena akuyenda pansi, kutchera makamera m'njira za nyama, kuveka njovu makolala a GPS, ndi kuwerengera kuti malo akutiakuti angadyetse nyama zingati. Ku Liwonde njovu zidachuluka mpaka kumawononga mitengo ndi kulowa m'minda ya anthu. Mu 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Ku Kasunguko alimi ozungulira paki nawonso adayamba kudandaula za minda yawo. Apa tikuona kuti kudziwa njovu kokha sikokwanira. Katswiri ayenera kudziwanso kukhala pansi ndi mafumu ndi alimi, n'kumva madandaulo awo.

Zam'madzi nazo zili momwemo. Chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa kwa masabata angapo. Tikagwira mayi mmodzi wotere, tapha ana ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo khoka likamakwekwereza pansi limaphwasula zisa ndi udzu wobisalamo kasawala. N'chifukwa chake usodzi wa makoka umatsekedwa pa nyanja ya Malawi kuyambira pa 1 November. Akuluakulu a ku Malombe akukumbukira mmene chambo chidatheramo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka makomiti a m'madoko aja timati ma BVC adayambika kumeneko mu 1993.

Chitsanzo china n'cha likodzo. Ku Chembe, ofufuza adapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya, nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka, matendanso n'kuchuluka. Ndani akadaganiza kuti neti ya udzudzu yokokera tinsomba m'mphepete ingakhudze mkodzo wa mwana wathu? Zolengedwa za Allah zidalukana ngati mphasa, ukasolola bango limodzi enanso amamasuka.

Tsono mwana angakaphunzire kuti? Ku LUANAR, pa Bunda ku Lilongwe, kuli madigiri a zachilengedwe, a nyama zakutchire ndi zokopa alendo, komanso a ulimi wa nsomba ndi usodzi. Ku Mzuzu University kuli za usodzi ndi za nkhalango. Amene sadafike mapointi a yunivesite asataye mtima: ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo pa Mpwepwe ku Mangochi pali Malawi College of Fisheries. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro awa Masamu, Biology ndi sayansi zina n'zofunika kwambiri. Kufunsira malo kumadzera ku NCHE. Pa nkhani ya fizi pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, komanso mabungwe achisilamu monga Islamic Zakaat Fund amene amathandiza ana osowa.

Tisanamizane, digiri si chiphaso choti ntchito ikudikira pakhomo. Ena amalembedwa ku nthambi ya zausodzi, ku nthambi ya mapaki ndi nyama zakutchire, kapena ku African Parks, bungwe limene likuyendetsa Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015. Ena amadikira nthawi, ena amakumba maiwe awoawo n'kumaweta nsomba. Riziki ndi la Allah, koma ngamira timamanga kaye.

Mwana wobadwira kugombe ali kale patsogolo. Amasiyanitsa utaka ndi chisawasawa, amadziwa zimene mwera umachita, amayankhula Chiyao kapena Chinyanja cha kunyanja chimene asodzi amachimva. Chomwe chimamugwetsa ndi kujomba. Mnyamata amene wachezera pa chilimira usiku wonse sangamve Masamu m'mawa, ndipo mtsikana amene amakhala tsiku lonse pathandala kuyanika usipa sangakhoze Biology. Makolo, mwana akafika Fomu 3 tiyeni timumasule ku ntchito za usiku, ngakhale nsomba zitagwa bwanji. Atsikana nawonso maphunzirowa ndi awo. Masheikh ndi makomiti a mizikiti, tikamagawa zakaat tikumbukire ophunzira otere.

Tikupempha Allah atipatse ana odziwa kusunga amana imeneyi, atidalitsire nyanja ndi minda yathu. Ameen.