Kanema wokondedwa ndi uti?

Ana amakonda kuonera kanema. Akulu nawonso amakonda. Ena amaonera pa wailesi ya kanema. Ena amaonera pa telefoni. Wina amakonda kanema wa nyama. Wina amakonda kanema wa nyimbo. Nanga anthu amadziwa bwanji kanema amene akukondedwa kwambiri? Amawerenga.

Kuwerenga ndi njere

M'kalasi kuwerenga sikuvuta. Aphunzitsi amaika mbale ziwiri pansi. Mbale imodzi ndi ya kanema wa nyama. Mbale ina ndi ya kanema wa nyimbo. Mwana aliyense amatenga njere imodzi ya cimanga. Amaponya njereyo m'mbale ya kanema amene amamukonda. Kenaka onse amawerenga pamodzi. Ngati mbale yoyamba ili ndi njere 6, ndipo yaciwiri ili ndi njere 3, kanema wa nyama ndiye wapambana.

Kuwerenga pa intaneti

Pa intaneti palibe mbale, palibenso njere. Kompyuta ndiyo imawerenga. Munthu akaonera kanema, nambala imakwera. Pansi pa kanema pamakhala cithunzi ca cala cacikulu coloza kumwamba. Munthu akasangalala naye kanemayo, amakhudza calaco. Ena amatumiza kanemayo kwa anzawo. Zonsezi kompyuta imawerenga.

YouTube ndi malo a makanema pa intaneti. Inayamba m'caka ca 2005. Pa YouTube pali kanema wa ana wochedwa Masha and the Bear. Anapangidwa ku Russia. Amanena za kamtsikana ndi cimbalangondo. Gawo lake limodzi laonedwa koposa mabiliyoni 4.

Palinso kanema wa nyimbo wochedwa Baby Shark Dance. Anapangidwa ku South Korea ndi kampani ya Pinkfong. Anaikidwa pa YouTube m'caka ca 2016. Mu 2020 anaposa makanema ena onse pa YouTube. Mu Januwale 2022 nambala yake inafika pa mabiliyoni 10.

Nambala sinena zonse

Mu 2022 anthu a pa dziko lonse anakwana mabiliyoni 8. Tsono 10 ndi wamkulu kuposa 8. Zinatheka bwanji? Mwana mmodzi amaonera kanema lero. Mawa amaoneranso. Mkuja amabwerezanso. Kompyuta imawerenga katatu, koma mwanayo ndi mmodzi. Zili ngati mwana amene waponya njere zitatu m'mbale imodzi.

Nthawi zina ana asanu amaonera pa telefoni imodzi. Kompyuta imawerenga kamodzi kokha. Komanso m'midzi yambiri mulibe intaneti. Anthu a m'midzi imeneyi sawerengedwa. Nthano za agogo zimakondedwa madzulo alionse, koma kompyuta sizidziwa.

Kanema woonedwa ndi anthu ambiri sakhala wabwino kwa ana nthawi zonse. Makanema ena ndi a akulu okha. Muli ndewu ndi mau oipa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Cifukwa cace mwana wanzeru amayamba wafunsa amai kapena abambo asanaonere.

Mau kwa makolo

Opanga makanema amayang'ana kwambiri nambala zimenezi. Kanema akaonedwa ndi anthu ambiri, eni ace amapeza ndalama za malonda olengezedwa pamenepo, ndipo amapanga wina wofanana naye. Kampani ya Netflix inayamba mu 2021 kutulutsa mlungu uliwonse mndandanda wa makanema 10 oonedwa kwambiri. Inkawerenga maola amene anthu aonera. Kuyambira mu 2023 imagawa maolawo ndi utali wa kanemayo. Kanema wa maola 2 akaonedwa maola 10, imati waonedwa kasanu. Nambala imeneyi imanena za kuculuka kwa oonera. Kusankha kanema woyenera mwana ndi nchito ya makolo.

Mafunso

1. Ndani amawerenga oonera kanema pa intaneti?
2. Kodi Masha and the Bear anapangidwa kuti?
3. Nambala yaikulu ndi iti, 8 kapena 10?
4. Mwana afunse ndani asanaonere kanema?

Nchito ya kunyumba

Mwana atenge mbale ziwiri ndi njere za cimanga. Aliyense wa pabanja asankhe nthano imodzi mwa nthano ziwiri, ndipo aponye njere imodzi yokha. Mwana awerenge njerezo ndi kulemba nambala zace m'kope.