Kodi m'zamasewera muli ntchito yodyetsa munthu?

Funso: Ndine mtsikana wa Fomu 3 ndipo ndimasewera mpira wa ntchemberembaye pasukulu pathu. Mtima wanga uli pa zamasewera, koma bambo akuti zimenezo n'za anthu olephera m'kalasi, iwo akufuna ndidzakhale namwino. Kodi alipo maphunziro a zamasewera oti munthu n'kudzapeza nawo ntchito yeniyeni? Wodandaula, Dedza.

Yankho: Mwana wanga, usawaone bambo ngati adani a luso lako. Anaona osewera amene dzulo ankaimbiridwa m'manja pa Kamuzu Stadium, lero akusowa ndi ya sopo yomwe. Kusewera n'kwa kanthawi: bondo likangoguluka, kapena zaka zikapitirira 30, timu imayang'ana wina. Mwawi Kumwenda anakafika ku Australia, Temwa Chawinga anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wa miyendo ya amayi ya ku America mu 2024, koma anthu otere ndi owerengeka. Pomwe ndikusiyana ndi bambo ndi apa: ntchito za zamasewera sizithera m'bwalo.

Mtsikana akagwa pansi atagwira bondo, amene amathamangira ndi chikwama uja si munthu wamba. Ayenera kudziwa msanga ngati wabinya chabe kapena mtsempha waduka, ndipo miyezi yotsatira ndiye amamuchititsa mafizo mpaka ayambenso kudumpha. Digiri ya physiotherapy imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo njira imeneyi ndikuikonda pa nkhani yako chifukwa ikukumanitsa khumbo lako ndi la bambo. Ndi ntchito ya chipatala ndithu. Ngakhale timu itapanda kukulemba, odwala sitiroko, ovulala pangozi za pamsewu ndi ana olumala akukudikira m'zipatala, kumene akatswiri otere ndi ochepa kwambiri.

Ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya Sports Science. Kumeneko amaphunzira mmene thupi limagwirira ntchito likamathamanga, kadyedwe ka osewera ndi kakonzedwe ka matireni. Ndisakubisire, matimu athu ambiri sanafike polemba anthu otere pa malipiro abwino, choncho wotenga digiriyi ayang'anenso ku makhonsolo, kumene kuli maofesala a zamasewera ndi a achinyamata, ku Malawi National Council of Sports, komanso ku mabungwe amene amasonkhanitsa achinyamata ndi mpira n'kumawaphunzitsa za HIV ndi kuipa kwa maukwati a ana.

Uphunzitsi usaunyoze. Ku pulayimale masewera ali mkati mwa phunziro la Expressive Arts, koma nthawi zambiri ana amangoponyeredwa mpira, mphunzitsi n'kukakhala pamthunzi. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa mwana wamanyazi, wonenepa kapena wolumala ndi amene amatsalira kunja kwa mzere, chonsecho ndiye akufunika kwambiri munthu wodziwa kumulowetsa m'gulu. Mphunzitsi wophunzira bwino zamasewera amalandira malipiro ake mwezi ndi mwezi, kwinaku akuumba timu.

Ukochi ndi kuyimbira masewera zili ndi makosi akeake ku NAM (bungwe la ntchemberembaye) ndi ku FAM (bungwe la mpira wa miyendo), ndipo ungawachite pambali pa ntchito ina. Bernadettar Kwimbira anayendetsa nawo masewera a World Cup ya mpira wa miyendo ya amayi mu 2015 ndi 2019 atanyamula mbendera, osati mpira.

Tsono makomo a yunivesite satsegulidwa ndi zigoli. Pamafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku physiotherapy amayang'anitsitsa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Uli Fomu 3, nthawi ikadalipo. Pempha aphunzitsi ako a zamasewera akupezere mndandanda wa maphunziro umene a bungwe la NCHE amatulutsa akamaitana ofuna malo m'mayunivesite aboma. Ukakhale nawo pansi bambo, uwasonyeze maphunzirowa ndi zofunika zake, ndipo upangane nawo kuti upitiriza kusewera malinga ngati magiredi ako a sayansi sakutsika.