Mafuta Onunkhira a Zomera ndi Tizilombo Tosamva Mankhwala



Pamene Alexander Fleming, mwini wake uja anatulukira penisilini m'chaka cha 1928, anachenjeza mu 1945 kuti tizilombo tikalawa mankhwala operewera tidzaumitsa khosi, dziko silinatchere khutu. Koma taonani, m'chaka cha 2019 chokha anthu oposa 1.2 miliyoni anatsikira kuli chete chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

Tsono akatswiri, pokumbukira kuti mutu umodzi susenza denga, akuyesa kuphatikiza mankhwalawo ndi mphamvu za m'mafuta onunkhira a zomera, monga carvacrol wa mu oregano, thymol wa mu thyme, ndi eugenol wa mu clove, zimene zimabowola khungu la kachilombo ndi kufooketsa timipope timene kamalavulira mankhwala kunja, kotero kuti mankhwala amene kale anali kubwerera pakhomo tsopano alowe m'nyumba.

Komatu, okondedwa, zambiri mwa zimenezi zaoneka m'timbale ta m'labotale, osati m'thupi la munthu. Mafuta a clove, akamwedwa osasungunula, amawotcha kummero, ndipo mwa mwana wamng'ono angathe kuwononga chiwindi. Botolo la mafutawa liikeni patali ndi ana, ndipo makapisozi amene adokotala akupatsani muwamwe monga anakuuzirani, osagawirako mnansi.