Pakhonde pa Azakhali: Dizilo Wosuluka Kapena Petulo Wonyezimira?

Zikomo Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 47, ndimalima soya ndi mtedza kuno ku Ntchisi, ndipo ndimagulanso mbewu kwa anzanga n'kukagulitsa ku Lilongwe. Chaka chino Chauta wandikumbukira, moti ndasunga kangachepe kogulira galimoto yotha kuyenda m'matope. Yatsopano sindingaikwanitse. Dobadoba wina wandionetsa ziwiri. Yoyamba ndi Hilux ya dizilo, injini yake 3L, penti inasuluka, ndipo ikalira nkhuku zimabalalika. Yachiwiri ndi Prado ya petulo, injini ya 2.7, yonyezimira, mipando yawofuwofu. Mayi akunyumba akufuna Prado, ati sangapite kutchalitchi pa thalakitala. Alamu anga akuti mwamuna weniweni amayenda pa dizilo. Tulo sindikutiona. Ndigule iti?

Wosowa Tulo, Ntchisi

Wosowa Tulo, mwana wa achimwene,

Anzako amandilembera za apongozi ovuta ndi za mameseji olowa pafoni pakati pa usiku, iwe wandisenzetsa mainjini. Koma nditawerenga bwino ndaona kuti ndi nkhani yanga yomwe ija: ukufunsira mbeta ziwiri, ndipo zonse zinakwatiwapo. Galimoto ya zaka zoposa 20 yaona zambiri. Usanafunse kuti imamwa chiyani, yamba wafunsa kuti kubanja koyambako ankaisamala bwanji.

Tiyambe ndi alamu akowo. Iwowo amayenda pa chiyani? Ngati ndi pa njinga yakapalasa, uwauze kuti umuna sagulitsa pa filing'i. Tsiku limene pampu idzafe sadzasonkha ndi tambala yomwe, adzangobwera kudzagwira m'chiuno n'kumati "pepani alamu."

Tsono tchera khutu. Injini ziwirizi zimasiyana kayakidwe. Ya petulo imasakaniza mafuta ndi mpweya, kenako pulagi n'kuthetheka moto. Ya dizilo ilibe mapulagi othetheka. Imafinya mpweya kupitirira ka 20 mpaka utatentha kwambiri, ndiye nozo ikangofayira dizilo, amayaka yekha. Ya petulo kufinya kwake sikufika ka 10. Phokoso lobalalitsa nkhukulo likuchokera pamenepo, si matenda ayi. N'chifukwa chakenso injini ya dizilo amaipanga ndi zitsulo zochindikala, imafuna batire yaikulu, ndipo mafuta imangonyambita pomwe inzake ikugugudiza.

Ndiwe wamalonda, tulutsa kope lako lija. 3L yathanzi imayenda makilomita pafupifupi 10 pa lita imodzi. Prado ya 2.7 ikakuchitira chifundo imakupatsa 7 kapena 8. Pa makilomita 1,000, Hilux imwa malita ngati 100, Prado imwa pakati pa 125 ndi 143. Mtengo wa lita a MERA amausinthasintha, ndiye uchulukitse wekha ndi wa lero. Kwa munthu wotsika ku Lilongwe mlungu ndi mlungu, kusiyanaku pakutha pa chaka ndi matumba a feteleza osati awiri.

Za mphamvu asakunamize. Papepala Prado ili ndi mphamvu za akavalo pafupifupi 150, Hilux yako 90 basi. Pa M1, ukangochoka pa Mponela, Prado idzakudutsa uli chiimire, ndipo ana a sukulu adzakubayibitsa mokumvera chisoni. Koma mphamvu ya petulo imatuluka injini ikakuwa, pomwe ya dizilo imapezeka pansi pomwe, injini ikungong'ung'udza. M'matope a mu Januwale, feteleza ali kumbuyo, umangolowetsa giya yaing'ono ya 4x4, phazi pang'onopang'ono, matayala n'kumagwira. Wa petulo akaona matope amaponda moto, matayala n'kupota, n'kudzikumbira okha dzenje. Komanso ndikufunse: soya wakoyo ukamukhazika pati mu Prado? Pamipando yawofuwofu ija, atamanga lamba?

Usayambe kuvina, dizilo naye ali ndi mkwiyo wake. Mtima wake ndi pampu ndi manozo, ndipo adani ake ndi madzi, fumbi ndi mafuta achinyengo. Ukudziwa mmene zimakhalira mizere ikatalika pa mafiling'i: aliyense amathamangira zigubu za m'mbali mwa msewu. Mavenda ena amathira parafini kuti chigubu chidzaze. Pampu imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake ziziterereka, tsono parafini ndi wouma, amaidya m'kati mwakachetechete. Ikafa, mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango sangaithe. Imafuna akatswiri okhala ndi makina oyesera mutauni, ndipo mtengo wake umaumva utakhala pansi. Choncho mafuta a m'chigubu uziwasefa, ndipo kunsi kwa fyuluta kuli kapulasitiki kopotokola kotayira madzi, uzikamasula nthawi ndi nthawi. Thanki usamaiumitse. Dizilo akatheratu, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo udzapopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka chala chachikulu kuchita dzanzi, anthu a pamsika akukuonerera.

Oyilo wa dizilo wakale amasinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse, osati pamene wagulitsa mtedza. 3L imayenderanso lamba wa timing amene moyo wake ndi makilomita 100,000. Akaduka, mavalavu amaombana ndi mapisitoni, injini n'kusanduka chiphadzuwa cha pagaraja. Pa dashibodi pali kanyali kolembedwa T-BELT kokumbutsa zimenezi, koma alipo ochenjera amene amangokazimitsa lamba osasintha. Ukagula, sintha lambayo tsiku lomwelo, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a agogo ake. Pamenepa Prado yakupambana, chifukwa injini yake imayendera tcheni.

Dobadobayo ndikumudziwa ngakhale sindinamuone. Akaona ukuzengereza adzabwera ndi yachitatu, ya dizilo wa turbo, n'kumati iyi ndiye ili ndi zonse. Injini monga 2L-T ndi 1KZ zimathamanga ndithu, koma zinatchuka ndi kung'aluka hedi zikangowira. Kwa munthu wa kumudzi, wosenza katundu pamapiri, injini yopanda turbo ndiyo yogonetsa tulo. Tayang'ana ma ambulansi ndi magalimoto a mabungwe amene amafika kumene msewu unathera: ambiri ndi ma Land Cruiser a injini ya 1HZ, ya malita 4.2, yopanda turbo, imene inayamba kupangidwa mu 1990. Sanaisankhe chifukwa cha liwiro.

Mayi akunyumba nawo sanalakwe, ndipo usawayankhe mwamwano. Petulo ndi wofatsa. Salira kwambiri, sanjenjemeretsa chiuno, ndipo m'mawa wa mu Juni kuzizira kwa ku Ntchisi kutafika m'mafupa amangolira kamodzi, pomwe wa dizilo ayenera kudikira kanyali ka mahita kazime. Akadwala, nthawi zambiri ndi mapulagi, koyilo kapena kapampu ka muthanki, zinthu zoti makaniko wa pa boma amazidziwa ndipo sizigwetsa nyumba. Ukanakhala munthu wa mutauni, woyenda kuchoka kunyumba kupita kuofesi ndi kutchalitchi, n'kumapita kumudzi pa maliro ndi pa Khirisimasi pokha, ndikanakuuza mosaphethira kuti tenga Prado. Dizilo sakondwa ndi timaulendo tating'onoting'ono toti injini isanatenthe wafika kale, ndipo mafuta amene ungapulumutse sangabweze ndalama ya pampu. Ungodziwa kuti injini ya 2.7 ili ndi kompyuta ndi masensa, ndiye ngati mawaya ake anapitamo manja ambiri, udzazunzika ndi matenda osaoneka. Udziwenso kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Pa galimoto yokalamba, ethanol amafooketsa mapaipi a labala ndipo amakoka chinyontho ikakhalitsa osayenda. Ukamva fungo la petulo mu boneti, usalinyozere.

Za mitsinje ndikuchenjezeretu, chifukwa amuna mukagula 4x4 mumadziona ngati ng'ona. Ya petulo ikanyowa magetsi imazima, mumaikankhira kumtunda, kuumitsa, n'kupitiriza ulendo. Ya dizilo imalimba mtima m'madzi, koma ikangomwa madzi kudzera ku fyuluta ya mpweya, zatha. Madzi safinyika, ndiye zitsulo za m'kati zimapindika, injini yanoka. Mtsinje ukadzaza, zimitsa galimoto, tulutsa chimanga chako chootcha, udikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano mayeso, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Upite m'mamawa osanena, ndi makaniko wako wolipidwa ndi iwe, osati mnzake wa dobadoba. Usanapereke moni wautali, tsegula boneti ugwire injini ndi dzanja. Ukaipeza yofunda, aidzutsiratu kuti usaone mmene imavutikira kulira, ubwerenso mawa. Ikakhala yozizira, tembenuza kiyi, dikira kanyali ka mahita, uilize, makaniko ataima kumbuyo. Kautsi pang'ono polira si mlandu. Utsi wakuda wosatha ndi manozo, pampu kapena fyuluta yotsekeka. Wobiriwira ngati mtambo ndiye kuti ikudya oyilo. Woyera wosaleka injini itatentha, kaikira madzi, gasiketi kapena hedi.

Ikulira choncho, masula chotsekera cha oyilo uchisiye pakamwa pakepo osamanga. Chikamangonjenjemera pang'ono, zili bwino. Chikamadumpha, utsi ukufuka ngati pa mbaula, mapisitoni ndi maring'i anatopa. Chitembenuze uone kunsi: ukapeza phala loyererako ngati chiponde, madzi akukumana ndi oyilo. Ladiyeta uitsegule injini isanatenthe, usuzumire. Madzi adzimbiri ndi thovu lotumphuka mosalekeza ndi uthenga woti injiniyo inawirapo. Kenako gwada, usaope kudetsa thalauza, uone tchesi ngati ili ndi dzimbiri kapena zowotcherera, ndi madifu ngati akudontha. Muikweze phiri, mulowetse 4x4 pafumbi, mumve ngati ikugwiradi, chifukwa zilipo zambiri zimene 4x4 yake inatsala pa chomata cha pachitseko. Pomaliza, manambala a injini ndi a tchesi afanane ndi a mu bulu buku, ndipo dzina la mwini likhale la munthu amene ukumupatsa ndalamayo. Prado nayo ilembe mayeso omwewa. Kunyezimirako kusakunyenge, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Chigamulo changa nachi. Pa ntchito yako, ya katundu, matope ndi mitunda, Hilux ya dizilo ndiyo yako, ikakhoza mayeso. Ikalephera koma Prado n'kukhoza, petulo wathanzi aposa dizilo wodwala, ungogula kangolo kokoka kumbuyo ka soya wakoyo. Zikalephera zonse, bweza ndalama ku banki, magalimoto sanathe m'Malawi muno. Ndipo iliyonse imene ugule, usakhuthule thumba lonse. Siyako ina ya lamba, oyilo, mafyuluta, batire, matayala, inshuwalansi ndi COF, chifukwa galimoto yakale imayamba kupempha isanafike n'komwe pakhomo.

Mayi akunyumba ukawatenge pa tsiku loyesa, ndipo kope la masamu lija ukawaonetse, poti ndalamayo analima nawo. Uwalonjeze penti yatsopano ndi makushoni, mtundu asankhe okha, ndipo lonjezolo ulisunge mvula isanagwe. Ukapanda kutero, kalata yotsatira yochokera ku Ntchisi idzakhala yawo, ndipo ine ndidzakhala mbali yawo.

Ndine,
Azakhali ako