Mafunso Anu: Makina Odzazira Zipolopolo za Pisitolo

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Pretoria. Akuti ali ndi chilolezo cha pisitolo ya 9mm, amachita masewera owombera chandamale, koma zipolopolo zikumuthera ndalama. Akufunsa kuti agule makina otani odzazira yekha kunyumba.

Katswiri: Zikomo bambo polemba. Lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act ya mu 2000, limalola mwini chilolezo kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo, osati zogulitsa. Limaikanso malire: zipolopolo 200 ndi ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha mutalembetsedwa ngati wamasewera wokhazikika. Primer ndi kabatani kaja kamene kamayatsa wonga.

Makinawo alipo a mitundu itatu. Single stage, monga Rock Chucker ya RCBS, imagwira ntchito imodzi pa nthawi. Mumaikapo die imodzi, kachipangizo kamene chigoba chimalowamo, nkubweza zigoba zonse pa muyeso wake ndi kuchotsa ma primer akale, kenako mumasintha die nkuyambanso. Turret, monga ya Lee, imanyamula ma die onse pamutu wozungulira, ndiye chigoba chimodzi chimatha ntchito yonse chisanatsike. Progressive, monga Dillon 750, imagwira zigoba zingapo nthawi imodzi, ndipo mukangokoka chogwirira chipolopolo chathunthu chimagwa.

Ine ndikuti yambani ndi single stage kapena turret, bambo. Ndikudziwa kuti wamasewera amawombera zambiri ndipo mtima ukukokera ku progressive. Koma munthu wophunzira ayenera kuona ndi maso ake mkati mwa chigoba chilichonse. Pa progressive zinthu zinayi kapena zisanu zimachitika pakamodzi, ndipo maso muli nawo awiri okha. Ndalama yanu siitayika, chifukwa ma die ambiri ali ndi mazinga ofanana ndipo adzalowa pa makina aakulu mukadzagula. Tengani ma die a carbide, amene safuna kupaka mafuta pa zigoba zambiri za pisitolo.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku Texas akuti amuna awo agula makina otere nkuwaika m'galaja. Mayiwo ali ndi mantha. Choopsa chenicheni nchiyani?

Katswiri: Mayi, mantha anuwo ali ndi maziko, ndipo ndikufuna bambowo amve nawo. Wonga wa pisitolo umayaka msanga ndipo umalowa wochepa kwambiri. M'chigoba chachitali ngati cha .38 Special umangokhala pansi penipeni, moti munthu atha kuthira kawiri osasefukira. Chipolopolo chotero chimang'amba mfuti m'manja. Palinso choopsa choiwala kuthira wonga. Primer yokha imakankha chipolopolo nkukakamira pakati pa mpope, ndiye chachiwiri chikabwera chimapeza njira yotseka. Nchifukwa chake kulira kwa mfuti kukamveka kofooka, munthu amaleka pomwepo nkuyang'ana mpope.

Zonse ziwirizi zimabwera ndi kusokonezeka maganizo. Foni ikalira, mwana akaitana, munthu amabwerera osakumbukira pamene anasiyira. Choncho thandizo lanu lalikulu ndi kuwasiya okha bambowo akakhala pa ntchitoyi, ndipo mowa usayandikire. Akhale ndi nyali yowala, ayale zigoba zothiridwa wonga pa thireyi nkuyang'ana mzere wonse asanaike chipolopolo ngakhale chimodzi. Patebulo pakhale chitini chimodzi chokha cha wonga. Muyeso autenge m'buku la opanga, monga la Lyman, Hornady kapena Speer, ayambire pa muyeso wotsika, nkumatsimikiza ndi sikelo. Zomva kwa anzawo kubwalo lowomberako azisiye komweko.

China chimene ambiri sachiganizira ndi mtovu. Uli m'zipolopolo, ulinso m'ma primer ambiri, ndipo fumbi lake limatsalira m'zigoba zowombedwa kale. Mtovu umawononga ubongo wa ana, ndiponso mwana amene ali m'mimba. Ana asalowe m'galajamo, bambowo asadyeremo, avale magalasi oteteza maso, asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Wonga ndi ma primer zisungidwe padera, m'mapaketi ake, mokhoma, kutali ndi moto.

Wowulutsa: Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Mchinji. Akuti ndi wowotcherera zitsulo, kodi angapange yekha makina otere?

Katswiri: Ayi achimwene, musayambe. Zomwe tafotokozazi ndi za mayiko amene lamulo lawo limalola. Kuno kwathu mfuti ndi zipolopolo zimayendera chilolezo cha apolisi, ndipo kupezeka nazo popanda chilolezo ndi mlandu wokakhala nawo kundende. Ngati muli ndi funso pa nkhani ya mfuti, pitani kupolisi ya kwanuko mukafunse musanagule kapena kupanga chilichonse.