Zala za agogo zikakana kugwira

Mwana akabadwa kuno kwa Kanyenda, palibe amafunsa kuti amusambitsa ndani. Ndi ntchito ya agogo aakazi. Iwo ndiwo amathowa mayi, kuyang'anira mchombo mpaka ugwe, kuchapa matewera, mpaka mwana atuluke m'chikuta. Ndi ulemu waukulu, n'chifukwa chake agogo akamadwala amangobisa.

Mayi ena achikulire, cha kufupi ndi Dwangwa, ankavutika ndi nyamakazi yotupitsa zala. Mwana wawo wamkazi atachira kuchipatala, anabwera ndi khanda kwa amake, poti mwamuna wake ankalawirira kukadula nzimbe. Kukacha, zala za agogowo zinkakhala gwa ngati makaka, koma ankangoluma mano n'kuteleka madzi.

M'mawa wina mu June, mwera ukuomba kuchokera kunyanja, anaika beseni pakhonde. Dzanja lamanzere linachirikiza khosi la mwana, lamanja likupaka sopo. Khanda linaphiriphitha, monga makanda onse amachitira. Chala chachikulu chinakana kugwira, mwana pululu, nkhope m'madzi. Mwayi wake mayi ake anali pomwepo, anamuvuula msanga. Anatsamwa, n'kulira, n'kupuma bwinobwino. Agogo ndi amene sanatonthole tsiku lonse.

"Amayi, bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani, mwanawe? Anthu akanati ndikukana mdzukulu wanga."

Mawu amenewa amandipweteka mtima, chifukwa nthendayi si ulesi, si kulodzedwa, si ukalamba chabe. Madokotala amaitcha rheumatoid arthritis. Chitetezo cha m'thupi chimatembenukira molumikizira mafupa a mwini wake n'kumadyamo pang'onopang'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'chaka cha 2019 anthu 18 miliyoni anali nayo, ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi. Imakonda kugwira manja onse awiri nthawi imodzi: zala zimatupa, zimatentha, ndipo m'mawa zimauma mwina ola lathunthu. Ndi nthawi yomweyo imene ife tinazolowera kusambitsa ana. Khanda silingatengere nthendayi pogwiridwa kapena kufungatiridwa.

Agogowo anali atatemedwapo mphini, osasintha. Ankadalira Brufen ndi Indocid wogula pagolosale, nthawi zina kumwa asanadye. Mapiritsi otere amaziziritsa ululu, koma mafupa amapitirira kudyeka, ndipo ukawamwa miyezimiyezi amabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Mankhwala oletsa nthendayi kukula alipo. Odziwika kwambiri ndi methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, dokotala akukuyeza magazi pafupipafupi. Kuwamwa tsiku lililonse kungaphe munthu. Poyambira ndi pachipatala chapafupi monga cha Nkhunga, kenako cha boma ku Nkhotakota kapena St Anne's, ndipo pakafunika amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Zala zikapindika kale siziwongokanso ndi mapiritsi.

Pabanja lija sanawalande agogo mdzukulu. Anangogawana ntchito. Mayi ake ndi amene amasambitsa, dzuwa litakwera, agogo ali pamkeka akulangiza pothira madzi ndi popukuta. Agogowo akafuna kumunyamula amayamba akhala pansi, wina n'kuwaikira mwana pamiyendo, iwo n'kumufungatira ndi mikono m'malo modalira zala. Akafuna kumubereka, chitenje amawamangira wina, ndipo sapita naye pamoto kapena kudooko. Kufinya matewera ndi kusinja chinangwa cha kondowole anasiyira atsikana. M'mawa amayamba aviika manja m'madzi ofunda. Usiku mwana akavuta, amene amamutontholetsa ndi iwo omwewo.

Inu amene mukuyembekezera mwana pakhomo panu, mawa kukacha pitani kwa amayi anu kapena apongozi anu, muwapemphe afumbate dzanja lanu mwamphamvu. Akalephera, kapena mukaona zala zatupa, pitani nawo kuchipatala mwanayo asanabadwe.